Ndinawasiyira Nyumba, Ndinanyamula Satifiketi

1

Mumsewu wathu amanditcha Amayi a Mawaya. Ndikangopotoloka amanditcha dzina lina: chitsiru chija chinasinthanitsa nyumba ya zipinda zinayi ndi pepala. Ndimamva, makutu ndili nawo. Nkhani yangayi yadutsa m'kamwa mwa anthu ambiri, ndipo aliyense amathiramo mchere wake, ndiye lero ndati ndiifotokoze ndekha. Musayembekezere kuti ndipepesa.

Pepala lakelo ndi satifiketi ya ntchito zamagetsi. Munthu amene anandituma kukaitenga ndi amuna anga akale, omwe anthu ankawatcha a Injiniya. Musafunse sukulu imene anaphunzira uinjiniyawo, chifukwa kulibe. Anali ndi shopu yogulitsa mababu, mawaya ndi masoketi, ndipo ankatenganso ntchito zoika magetsi m'nyumba zatsopano. Pakamwa pokha ndiye anali ndi mphatso. Akanatha kukugulitsani babu lakupsa, inu n'kuthokoza. Ine ndinalowa m'shopumo ngati wogulitsa, n'kutulukamo ndili mkazi wawo, ndipo masiku amenewo ndinkayenda ngati ndatola chikwama.

2

Ntchito ya a Injiniya inali ndi chotchinga chimodzi. Kampani ya magetsi silumikiza nyumba pokhapokha munthu wa satifiketi ataiyendera n'kusaina kuti mawaya ali bwino. Iwo ankagula saini imeneyi kwa mdala wina amene ankasainira kumowa, nyumbayo osaiona n'komwe. Mdalayo akamva ludzu, mtengo unkakwera.

"Iwe mutu uli nawo," anandiuza tsiku lina tikutseka shopu. "Bwanji upite kukoleji? Ndalama tikumwetsa mdala ujazi zizigona m'nyumba muno."

Apongozi anga aakazi anagulitsa makina awo osokera kuti alipire fizi, ndipo zimenezi sindidzaziiwala ngakhale tinayambana. Ndinaphunzira zaka ziwiri, mwana ali pamiyendo, buku lili patebulo. Mphunzitsi wathu anali ndi zala zitatu zokha kudzanja lamanja, ndipo ankatiloza ndi zotsalazo akamatichenjeza. "Magetsi sakwiya, komanso sakhululuka," ankatero. "Saini yako ikalowa m'nyumba, imagona momwemo ndi ana a eni ake." Ndinatuluka m'kolejimo ndi lamulo limodzi, loti sindisaina chinthu chimene sindinachione ndi maso anga.

Satifiketi itabwera, a Injiniya anaiika m'felemu n'kuipachika m'shopu, pamwamba ndithu pomwe dzina silinkawerengeka. Kasitomala akalowa ankailoza ndi chibwano. "Ife ndi a mapepala," ankatero, ndipo anthu ankaganiza kuti ndi yawo. Ine ndinkangoseka. Malipiro sindinkalandira. "Za banja ndi zako zomwe," ankandiuza, ine n'kuvomera.

Ndinkawakonda, bodza n'loipa. Pomanga nyumba yathu pa malo a apongozi, mawaya onse ndinaika ndekha. A Injiniya anagwapo pamakwerero ali mnyamata, ndipo mkono wawo wamanja sunkakwera kupitirira phewa. Ndiye kuchipinda ndinawaikira swichi yapadera kumanzere kwa bedi, m'munsi kufanana ndi matiresi, kuti azizimitsa magetsi osadzuka. Palibe buku limene limaphunzitsa swichi yotere. Ataiona anaidina kangapo ngati mwana, n'kunena kuti, "Ukwati ndi umenewutu."

3

M'mawa wina ndikumwa tiyi, anandiikira pepala pambali pa kapu.

"Tasaina apa, ndikuthamangira."

"Nyumba yake iti?"

"Ya kasitomala wina, kutali. Mawaya ndaika ndekha, palibe vuto."

"Ndiye tipite tikaione."

"Mayi a mwana, kodi wayamba kundikayikira? Zaka zonsezi?"

"Sindikukayikira inu. Ndikufuna kuona mawaya."

Anatenga pepala lija n'kumenyetsa chitseko. Zinandidabwitsa, chifukwa kale lonse ankangodandaula kuti ndimachedwetsa ntchito, koma sanandikanizepo kuyendera nyumba. Masana ndinagwira dalaivala amene ankatinyamulira katundu, n'kumufunsa komwe anakatula mawaya mwezi umenewo. Anakanda mutu, anayang'ana matayala, kenako anandilondolera.

Sikunali kutali ayi. Inali nyumba yatsopano yachikasu, makatani atapachikidwa kale. Mlonda ataona ovolosi ndi chikwama cha zida anandilowetsa osafunsa. Ndinayamba ndi bokosi la mafyuzi. Waya wopita ku chitofu unali woonda, woyenera mababu. Nditakwera m'siling'i ndinapeza mawaya atangopotedwa n'kukulungidwa ndi tepi, osalowa m'mapaipi, ali pamwamba pa matabwa. Choopsa kwambiri chinali waya uja wotsitsira moto m'nthaka, umene umapulumutsa munthu magetsi akathawira m'zitsulo. Panja unkaoneka bwinobwino utalowa pansi, koma nditaukoka unabwera wonse m'manja mwanga ngati mchira wa buluzi. Anangouzika kuti aphimbe anthu m'maso. Nyumba imeneyi inali msampha wopaka penti.

Pomaliza ndinalowa kuchipinda chogona. M'menemo ndinaima nthawi yaitali, mpaka mlonda anagogoda.

"Amayi, zili bwino?"

"Zili bwino kwambiri," ndinatero. "Ndaona zonse."

4

Kuchokera kumeneko ndinapita kushopu, ndinakwera pampando, ndinatsitsa felemu ija. Pakhoma panatsala chigamba choyera cha makona anayi. Kunyumba ndinasamutsira zovala zanga kuchipinda cha mwana.

"Nyumba ija sindisaina," ndinawauza a Injiniya. "Ndiponso ina iliyonse yomwe mwaika inu."

"Unakafika kumeneko?"

"Ndinakafika."

"Ndiye unaona chiyani?"

"Mawaya."

Anandiyang'anitsitsa kufuna kudziwa ngati pali china kuseri kwa mawu amenewo, koma ine ndinapitiriza kusita yunifolomu ya mwana. Anayamba ndi zokoma. Anandigulira nsapato, anandiitana mayina amene ndinali nditawaiwala. Zitakanika anayamba kukalipa. Nyumba zomwe anamaliza zinangokhala mumdima, eni ake akubwera kushopu kudzatukwana. Atatopa anachita zomwe amuna otere amachita zikawavuta, anakaitana mayi awo.

5

Tinakhala pabalaza pathu Lamlungu masana. Mbali ina kunali apongozi ndi mlamu wanga, mlongo wake wa a Injiniya, amene amagulitsa zovala ndipo amalankhula ngati ali pamsika nthawi zonse. Mbali inayi kunali amayi anga ndi amalume. A Injiniya anakhala pakona, nkhope atagwetsa ngati munthu wolakwiridwa.

Apongozi ndi amene anayamba. "Mwana wanga, makina anga ndinagulitsa kuti iwe uphunzire. Pepala lija si lako wekha, ndi la banja lino. Lero ukulibisa m'sutikesi, ukufuna tidye chiyani?"

"Komanso tisalikuze kwambiri pepalalo," anadumphira mlamu. "Tiyeni tiliyese pasikelo. Zaka ziwiri kusukulu, makina a amayi apita, nanga wapindula chiyani? Galimoto ili kuti? Ine sindinaponde kukoleji, koma zimene ndimapeza Loweruka limodzi, iwe ndi tesita yako yoyezera magetsiyo sungazipeze pamwezi. Satifiketi ya utekinishani si digiri. Ukapita nayo kukampani, adzakupatsa chipewa chachikasu ndi malipiro a mlonda."

Zina mwa zimenezi zinali zoona, ndipo zinandiwawa. Koma ndinamufunsa mofatsa.

"Alamu, ngati pepalalo ndi lachabechabe choncho, mwasiyiranji malonda anu kubwera kuno?"

Amalume anatsokomola kubisa kuseka. Amayi anga anandigwira bondo.

"Mwanawe, usayankhe choncho. Tiuze chimene chakukwiyitsa. Ngati mawaya analakwika, amuna ako akonza."

"Ndikonza mawa lomwe," anatero a Injiniya msangamsanga. "Ndi anyamata aganyu aja anandisokoneza."

"Munandiuza kuti munaika nokha."

"Chabwino, ndinkathamangira. Kasitomala ankandikakamiza."

"Kasitomala wakeyo," ndinatero, "alinso ndi vuto la phewa?"

Sindinadikire yankho.

"Ndikufunsa chifukwa kuchipinda chogona cha nyumba ija kuli swichi kumanzere kwa bedi, m'munsi kufanana ndi matiresi. Swichi yotere ndimaidziwa imodzi yokha padziko lino, ndipo ndinaika ndine. Amalume, dzukani mukaione, ili kuseri kwa chitseko icho. Nyumba yonse ija mwaika mwachinyengo, bambo, koma swichi imeneyo yokha ndiye munaiyeza bwinobwino, mpaka kuwongola ndi levulo."

 Ine sindinkayang'ana a Injiniya. Ndinkayang'ana apongozi, ndipo apongozi ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Sanadzidzimuke ngakhale pang'ono.

"Amayi, inu mumadziwa?"

"Mtsikana wa m'nyumba imeneyo ndi woyembekezera," anayankha motsitsa. "Ndikanatani? Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Iwe ndiwe wamkulu, palibe akukuchotsa pano."

Apa mpamene mtima wanga unauma. Chibwenzicho chinandipweteka, inde, ndinalira kubafa masiku angapo mpopi uli wotsegula kuti mwana asamve. Koma chimene chinandiwawitsitsa n'choti ankafuna dzanja langa lomwe lisaine nyumba ya mkazi mnzanga, ndipo ikadzapsa, dzina lopezeka pa pepala likhale langa.

6

Amalume atanena kuti banja lafika pothera, a Injiniya anapeza mawu. Sanapemphe kuti ndiwakhululukire. Anayamba malonda.

"Tisakokane. Nyumba ino itenge, ndikulembera, amayi avomera. Ukhale ndi mwana mwamtendere. Ine ndingopempha chimodzi: felemu ibwerere pakhoma, ndipo ndikabweretsa pepala uzisaina. Suvutikanso kukwera m'siling'i."

"Ndikakana?"

"Malo ano ndi a amayi."

Mlamu anawomba m'manja. "Wapata mwayi! Ndani anagulapo nyumba ndi cholembera?"

Amayi anga anandikokera kukhitchini n'kutseka chitseko. Maso awo anali ofiira.

"Mwana wanga, vomera. Pepala sungagonemo mvula ikamagwa. Ine ndakulira m'nyumba za lendi, ndikudziwa mmene mwininyumba amagogodera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Taganizira mwanayu."

"Ndikuganizira yemweyo, amayi. Tsiku lina nyumba ina idzapsa ndi ana m'kati. Apolisi sadzafuna a Injiniya, adzafuna dzina limene lili pa pepala. Satifiketi adzandilanda, ine adzanditsekera, ndipo nyumbayi idzabwerera kwa eni malo. Mwanayu adzatsala ndi chiyani?"

"Mwina sizidzachitika."

"Waya uja ndinaugwira ndi manja angawa."

Ndinayang'ana khitchini yanga, masoketi oikidwa pomwe ndinkawafuna, babu la pamwamba pa sinki limene ndinalisankha ndekha. Ndinkaikonda nyumba imeneyo kuposa mmene ndingafotokozere. Ndinabwerera pabalaza.

"Mwandithandiza, bambo. Zaka zonsezi sindinkadziwa mtengo wa satifiketi yanga, poti simunkandilipira. Lero mwautchula nokha pamaso pa mboni: nyumba ya zipinda zinayi. Ndipo poti ndimakudziwani kuti simugula chinthu pa mtengo wake weniweni, ndiye kuti ndi yodula kuposa pamenepo. Sindikugulitsa."

Kenako ndinatembenukira kwa apongozi. "Makina anu ndidzakubwezerani, amayi. Munalipira sukulu, zikomo. Koma dzina langa simunaligule."

Ndinachoka mawa lake ndi mwana, sutikesi, chikwama cha zida ndi felemu m'khwapa.

7

Ndinapeza chipinda chimodzi kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Makasitomala sanabwere. Anthu ankadziwa a Injiniya, ine ankandidziwa ngati mkazi wawo wamwano uja. Ndinamva kuti abwerera kwa mdala wakumowa, ndipo nyumba yachikasu ija yalumikizidwa. Ndinkakonza maketulo ndi masimbi a anthu oyandikana nawo, ndipo masiku ena ndinkayang'ana felemu ija n'kuifunsa ngati amayi sananene zoona.

Anthu ambiri amadziwa mbali imeneyi. Chimene amanong'onezana osachimvetsa ndi cha kasitomala wanga woyamba.

Tsiku lina masana kunagogoda mtsikana wamimba yaikulu, dzanja lamanja atalikulunga ndi nsalu. Sindinamuonepo, koma ndinamudziwa ndi mmene ankalepherera kundiyang'ana.

"Ndinu Amayi a Mawaya?"

"Ndine. Inu ndi a nyumba yachikasu."

Anagwedeza mutu. "Mukhoza kundithamangitsa, ndimvetsa. Koma dzulo ndikutsegula mpopi wa kubafa, magetsi anandigwira mpaka ndinagwa. Mwana anasiya kusuntha kwa kanthawi. Nditawauza a Injiniya, anati ndi mimba ikundizunguza mutu. Mlonda ndi amene wandiuza kuti kunabwera mayi wina wa ovolosi amene anatuluka akupukusa mutu."

Ndinafuna kumuuza kuti apite akafunse a Injiniya ake, poti ndi a mapepala. Mawuwo anafika pamilomo, ndipo anali okoma. Koma ndinayang'ana mimba ija, n'kukumbukira zala zitatu za mphunzitsi wanga.

"Mwazimitsa pa bokosi lalikulu?"

"Sindidziwa pozimitsira."

Ndinatenga chikwama changa.

Iye anazengereza. "Ndalama ndili nazo zanga, za kusaluni kwanga. Si zawo."

"Mulipira mtengo wonse," ndinatero. "Ine si m'bale wanu."

A Injiniya anali atapita kukagula katundu kutali. Ndinagwira ntchito sabata yathunthu. Ndinazula mawaya onse m'siling'i, ndinalowetsa atsopano m'mapaipi, ndinakhomera chitsulo chenicheni m'nthaka. Mtsikanayo ankandigwirira makwerero n'kumandipatsira pulayasi. Sitinakhale mabwenzi ayi, ndipo za a Injiniya sitinakambe. Nditamaliza ndinayeza soketi iliyonse, ndinatsegula mpopi uja ndi dzanja langa lonyowa iye akuona, kenako ndinasaina. Nyumba yomweyo imene inandithetsera banja ili ndi saini yanga lero, ndipo ndimagona tulo.

Nkhaniyi itamveka, amayi anga anadwala mutu. Mlamu anauza msika wonse kuti ndapenga, ndikugwira ganyu kwa mkazi wondilanda mwamuna. Anandilengezera malonda osadziwa. Azimayi opita kusaluni kuja anayamba kufunsa nambala yanga. Ankati munthu amene sanapangire chiwembu mdani wake m'siling'i, sangakubere waya.

8

Tsopano inu owerenga, makamaka amene mukuwerengetsera ngati satifiketi yotereyi ndi yoyenera fizi yake, sindikunamizani. Sinandilemeretse. Ndikadali pa lendi, ngakhale panopa ndi zipinda ziwiri. Mlamu amapezabe zambiri kuposa ine. Miyezi ina ntchito imasowa, mawondo amawawa, ndipo ena akaona mzimayi pamakwerero amafunsa kuti abwana abwera nthawi yanji. Ngati mukufuna galimoto chaka chamawa, kagulitseni zovala.

Koma makina a apongozi ndinabweza, atsopano, ndipo anawalandira osandiyang'ana kumaso. Mwana wanga amadya ndi kupita kusukulu ndi ndalama zimene palibe angandifunse kuti ndazitenga kuti. Ndaphunzira kuti pepala lotere mtengo wake sulembedwa pa risiti ya kukoleji. Umauona tsiku limene munthu wakupatsa nyumba kuti ulibwereketse, ndipo umatha tsiku lomwe wavomera. Ukasaina kamodzi chinthu chimene sunachione, chatsala m'felemumo ndi chithunzi chabe. Amene amanditcha chitsiru apitirize, koma akamva fungo la waya wopserera m'nyumba mwawo, amadziwa khomo logogoda.

Pali kanthu kamodzi komwe sindinakuuzeni. Pantchito ndimatsata buku, ndipo m'nyumba yachikasu muja ndinalitsata mpaka kumapeto. Swichi ija ya pambali pa bedi ndinaizula, ndinamata bowo lake ndi simenti, n'kupaka penti. Yatsopano ndinaika pomwe malamulo a ntchito yathu amanena, pafupi ndi chitseko, pamwamba ndithu.

Mtsikana uja anandipeza ndikupaka pentiyo. Anayang'ana khoma, anayang'ana ine.

"Akadzafunsa ndidzati chiyani?"

"Mudzawauze kuti swichi ija inali mphatso yanga, ndipo ndatenga," ndinatero. "Akafuna kuzimitsa magetsi, azidzuka."